Lampada Yotsiriza ya pa Posito

Ndine Lusiyano, mlonda wa pa posito ya zaumoyo kuno ku Chifunde. Zaka zanga ansembe akuti makumi asanu ndi awiri. Kusukulu sindinapondeko, zilembo ndinatola ku katekisimu. Ndiye muwerenge mofatsa, inu akamwini anga a Bernado, amene munathawira ku Malawi.

Lolemba
Lampada ya panja, ija ku Malawiko amati babu, yatsala imodzi. Msewu wa ku Tete watsekeka ndi nkhondo, ina siibwera. Ikafa iyi, amayi apakati adzaliona bwanji khomo kukada? Kabokosi ka rele munalumikiza ku bateriya kaja kali bwino: diso lake likaona mdima, kamayatsa kokha. Koma tsiku ndi tsiku osapuma? Ng'ombe ya pangolo yomwe amaimasula. Ndaganiza zoipumitsa.

Lachiwiri
Munthu amagona akatseka maso. Ndavindikira diso lija ndi chipewa changa m'mamawa, kuti ligoneretu. Masana a Roza, anamwino athu: "Agogo, mukuunikira dzuwa?" Yayaka tsiku lonse. Dazi langa lapsa.

Lachitatu
Ndamvetsa tsopano. Kanthuka kamagona kakaona kuwala. Madzulo ndaika koloboyi pafupi ndi diso. Lampada yazima, ikupuma. Zimene zatha:
petrolyo wa kunyumba, uja kumeneko amati palafini,
chingwe cha nyali,
mtendere.
Mayi akunyumba adya mumdima. Sakundiyankha.

Lachinayi
Ndakhala pansi pa mtondo, ndaganiza. Nditherenji petrolyo pamene lampada ili ndi kuwala kwakekwake? Ndakwecha mbale yachitsulo ndi phulusa mpaka mbee. Ndaimangirira ndi luzi kuti kuwala kubwerere padiso. Nzeru sakaphunzira kusukulu kokha.

Lachisanu
Ikayaka, diso likuona kuwala, ikuzima. Ikazima, diso likuona mdima, ikuyaka. Kabokosi te, te, te, kuyambira dzulo. Ine ndati zili bwino, theka ntchito, theka kupuma. Wabwera msilikali: "Madala, mukuitana ndani kuphiriko ndi nyali yophethirayi?" Ndafotokoza bwinobwino kuyambira Lolemba. Wamvetsera mpaka pa za Lachitatu, wamasula mbale, wapita nayo.

Loweruka
Dzuwa lalowa. Kabokosi kati te. Lampada zii. Ndaitsitsa, ndaigwedeza kukhutu: kawaya kaduka, kakugwedera m'kati. Nthawi yomweyo afika amayi a ku Nsadzo, matenda atayamba. Ndawalandira ndi muuni wa udzu. Amuna awo agwera m'ngalande pamodzi ndi njinga. Mwana wabadwa bwino, wamkazi.

Lamulungu
Ndamweta udzu mitolo isanu, wa miuni. Basi ntchito yanga ndi imeneyo tsopano. Titatuluka ku Misa a Roza andigwira dzanja: "Pepani agogo, munaisamala ngati mwana. Yafa ndi ukalamba." Ndangoti zikomo.

Akamwini, kalatayi ndapatsira wa njinga wodzera kumalire. Mundiyankhe ndithu. Mundiuze ngati kumeneko malampada akupezeka, ndiponso ngati zimenezi n'zokaulula kwa ansembe kapena kwa a Roza. Kwa a Roza ndikuopa.