Makapu khumi a chimanga

Lolemba
Kwabwera anyamata a kafukufuku pasukulu pathu pano kwa Kawinga. Akuti ndi masewero. Masewero chaka cha njala? Lachisanu aliyense apatsidwa zitsekerero za mabotolo khumi, chimodzi chikuyimira kapu ya chimanga. Tikhala awiriawiri osadziwana, ugawireko mnzako mu envulopu, iyenso akugawire. Ine si mwana. Akufuna aone amene ali nacho chakudya, amufufute m'kaundula wa chithandizo.

Lachiwiri
Pulani yanga:
osagawa ngakhale chimodzi,
kuvala malaya ong'ambika aja,
nkhuku ikabisidwe kwa alamu.
Abiti Saidi, oyandikana nawo nyumba, ogulitsa matemba a ku Chiuta, abwera kudzapempha madeya. Ndawakaniza. Mwina achita kutumidwa.

Lachitatu
Nkhuku yabwerera yokha! Ikutetera pakhonde anyamata aja akudutsa. Mmodzi walemba kanthu m'buku. Ndatha ine.

Lachinayi
Ndafunsa kuti mnzanga wosadziwikayo ndi ndani. "Ndi chinsinsi, bambo." Chinsinsi m'mudzi muno? Mayi a kunyumba akuti, "Mukagaweko ziwiri, pali manyazi." Nawonso ndayamba kuwakayikira.

Lachisanu
Kuseri kwa nsalu, ndekhandekha. Khumi zonse m'thumba, envulopu ndabweza yopanda kanthu. Kenako andipatsa yochokera kwa mnzanga uja. Muli zisanu! Theka lenileni! Ndipo ikununkha matemba.

Loweruka
Za kaundula kulibe, anyamata alongedza, apita. Zitsekerero tasinthitsa ndi chimanga, makapu khumi ndi asanu ali m'nyumba, koma mtima uli m'mwamba. Ndamva Abiti Saidi akuuza anzawo kuti, "Envulopu imene ndinalandira inali yopanda kanthu. Iyayi, sindikudandaula, ndiye kuti ana ake akuvutika kuposa anga." Awo ndi anayi, anga awiri. Manyazi andigwira. Abiti Saidi ali ku mjigo, ndayeza makapu asanu m'jumbo, ndasiya pakhomo pawo, ndathawa ngati wakuba.

Lamulungu
Ndikuvala nsapato za kutchalitchi, "Odi!" Abiti Saidi, jumbo atayigwira ndi kamtengo. "Achimwene, chimanga chobwera chokha chotere muli mankhwala, wina akufuna ana anga. Inu mukupita kutchalitchi, abusa akachipempherere, mudye kwanu."
Ndalandira ndi manja awiri, ndathokozanso.
Makapu abwerera pa khumi ndi asanu. Kwawo lero sikunafuke utsi.