Kwa Wosunga Kiyi wa Pulogalamu Yathu ya Mbatata

Bembeke, Dedza

Wolemekezeka Bwana Wosunga Kiyi,

Ndavula chipewa polemba kalatayi, ngakhale kuno kukuzizira koopsa. Ndine Gerevazio Zikhalo, mphunzitsi wa masamu, mmodzi wa anthu odzipereka amene timalemba nawo pulogalamu ya pa foni ya Mlimi Tcheru, ija yochenjeza alimi nthawi yopopera mbatata ya kachewere matenda a chiwawu asanagwe. Tonse timalemba mwaulere, koma kiyi wovomereza kusintha kulikonse muli naye ndinu nokha ku Lilongweko. Ndiye ndati ndithokoze.

1. Zikomo pochotsa gawo lija lothandiza kuti pulogalamu izigwira ntchito popanda netiweki. Ndinalilemba ine kwa miyezi isanu, koma inu munaona kuti likulemetsa pulogalamu. Munalasa, Bwana. Tsopano yapepuka kwabasi, moti m'madimba a kuno sikutseguka n'komwe.

2. Zikomo kuti simunagamule nokha. Munapempha maganizo a tonse pa intaneti Lachisanu masana, n'kutseka Loweruka. Vuto ndi lathu, ife osachangamuka. Kuno nkhani timakambirana Lamulungu tikatuluka ku Misa, aliyense n'kulankhula mpaka mawu atamuthera. Alimi makumi anayi anakana zochotsa gawolo. Lolemba ndinakankha njinga mpaka pamwamba pa phiri kukasaka netiweki, ndinatumiza mayina awo onse, inu n'kundiyankha kuti nkhaniyo inatsekedwa kale. Munaikaponso kachithunzi ka chala chachikulu chotukula. Kanali kokongola.

3. Ndamva kuti anavota anthu asanu ndi anayi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anagwirapo pampu yopopera. Sindikudandaula. Ndikungokumbukira kuti nkhani ya mtundu wa batani, kaya likhale lobiriwira kaya lachikasu, munaipatsa milungu itatu. Pa tsamba loyamba la pulogalamu munalemba kuti mutu umodzi susenza denga. Wanu walisenza, Bwana, enafe tikungoombera m'manja.

4. Mayi Dorika ndi amasiye a m'mphakati mwathu, ndipo ndine ndinawakakamiza kuti azikhulupirira foni. Sabata yatha nkhungu inakuta masiku anayi, foni ili zii. Theka la munda wawo lada bii, masamba onse kufota. Titakumana pa tchalitchi sanandikalipire. Anangondifunsa ngati foni yanga ija nayonso yagwidwa chiwawu. Apa ndiye sindiseka: ndinachita manyazi, ndipo mtima ukundiwawabe.

Ndikudziwa yankho lanu, loti wosakondwa akopere pulogalamu yonse akayambe yake. Mwatikomera mtima. Koma mbatata yotsalayo siidikira miyezi ina isanu, ndipo nkhungu yayambanso kutsika m'phiri.

Pempho langa n'laling'ono. Sindikukuuzani kuti mubwezeretse gawolo, ndine yani ine? Mungobwera Lamulungu likubwerali, muvale juzi yokhuthala. Tikatuluka ku Misa tidzakuperekezani kumunda kwa mayi Dorika, mukaime pakati pa mizere ndi foni yanuyanu, mukatsegule pulogalamuyo tonse tikuona. Ikakatseguka, ndidzagwada m'matope momwemo kukupepesani. Ikakakana, musadzavutike n'kufotokoza. Mayiwo akuti ali ndi khasu lapadera, ndipo mbatata yowola yofunika kukumba ilipo yambiri.

Ndine wanu wopanda kiyi,

Gerevazio Zikhalo