Munthu Woipa wa ku Melakkudi

Kuno ku Melakkudi tinali ndi munthu amene anamenyedwa kuposa aliyense m'dziko lonse la Atamil, ndipo kumenyedwako ndiyo inali ntchito yake. Dzina lake anali Pechimuthu. M'mafilimu makumi asanu ndi anayi iye ndiye anali woipa uja: wotentha nyumba za amphawi, woba atsikana tsiku la ukwati, wokankha nkhalamba n'kumaseka. Kuseka kwakeko kunkayambira m'mimba n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka makanda m'nyumba ya kanema ayambe kulira. Filimu ikamatha ankatulukira Sembiyan, mnyamata wa nkhope yosalala, kudzamuswa makofi, ife n'kuimba mluzu, n'kubwerera kunyumba mitima ili mbee.

Ine ndine telala. Makina anga ali pakhonde loyang'anizana ndi nyumba imene anakhalamo atasiya za kanema, choncho ndinkamuona m'mawa uliwonse. Chigawenga chimenechi sichinkadya nyama. Fodya ayi, mowa ayi. Chinkaopa galu wa pakona moti chinkadzera njira yaitali popita kumsika. Koma kauzeni zimenezi anthu a ku Melakkudi. Ife timakhulupirira zomwe taona ndi maso, ndipo tinamuona ndi maso athuwa akuponya mwana m'chitsime, kawiri Loweruka, katatu Lamulungu.

Tsiku lina anaima pa Mayi Angammal, ogulitsa maluwa olukidwa pa ulusi pachipata cha kachisi.

"Mundipatse mikono iwiri, mayi."

"Mukanyengere mwana wa yani lero?"

"Ndi a m'kachisi, mayi."

"M'kachisi. Mwana uja munamuponya m'chitsime munayamba mwamupempherera?"

"Chinali chidole, mayi. Chitsimecho chinali cha mapepala, madzi ake olekeza m'mawondo."

"Ndiye mukuvomera kuti munamuponya."

Anapita kukapemphera chimanjamanja.

Sembiyan yekha zake zinayenda. Anayambitsa chipani, tonse tinayamba kumutcha Mtsogoleri. Panalibe chokayikira. Munthu amene wapulumutsa akazi amasiye makumi asanu ndi anayi pa nsalu ya kanema angalephere bwanji kuyendetsa dziko? Tinaimika chithunzi chake cha matabwa chotalika kuposa mgwalangwa, anyamata n'kukwera pamwamba kukachisambitsa ndi mkaka, ana awo akumwa tiyi wakuda kunyumba. Sindikunyoza. Mbendera zonse za chipanicho m'tauni muno ndinasoka ndine, ndipo denga langa la malata linachokera pomwepo.

Pechimuthu akanapirira zonsezi mpaka kumanda, chikhala kuti analibe mwana. Mkazi wake anamwalira kalekale n'kumusiyira Poongodi, mtsikana wofatsa, mphunzitsi wa masamu, amene zaka zake zinali kuthamangira makumi atatu ali pakhomo pa bambo ake. Kwathu kuno zaka zimenezo anthu amaziwerenga mokweza. Mabanja ankabwera kudzamuona monga mwa mwambo, iye n'kutuluka ndi khofi, maso pansi. Banja loyamba, mayi a mnyamata atangoona mwini nyumba anaika kapu pansi n'kukumbukira kuti asiya mpunga pamoto, ku mudzi wa maola anayi pa basi. Banja lachinayi likubwera Pechimuthu anabisala kukhitchini, ine n'kukhala pamalo pake ngati malume. Zonse zinayenda bwino, anafika mpaka pokambirana za tsiku. Kenako malume a mnyamata ananena nthabwala, ndipo kuseri kwa chitseko kunamveka kuseka kuja. Nsapato zawo zina zinatsala pakhomo, sanabwere kudzazitenga.

Mabanja atakwana khumi ndi limodzi, anabwera pakhonde panga.

"Achimwene, anthu akandiona ndikugwira ntchito yabwino asintha maganizo. Ndiima pa chisankho."

"Inu? Mukufuna mavoti a amayi omwe amakulavulirani?"

"Akamwa madzi a pampopi adziwa kuti chidole chinali chidole."

Anaima katatu kupikisana pa mpando wa mkulu wa khonsolo ya tauni, wopanda chipani, chizindikiro chake ketulo. Ankayankhula motsitsa mawu, manja atawaphatikiza, kulonjeza madzi ndi denga la sukulu. Ulendo woyamba anapeza mavoti mazana awiri. Wachiwiri zana limodzi ndi makumi anayi. Wachitatu sanafike zana, ndipo anthu ankati kufatsa kwakeko ndiye kukuopsa kwambiri, chifukwa m'filimu akayamba kuyankhula mofatsa ndiye kuti mpeni uli kumbuyo.

Mwayi unadzera kwa Karuppiah, mwini chigayo, munthu wachipani mpaka m'mafupa. Mwana wake Velusamy anamuona Poongodi pa basi n'kuuma mutu kuti afuna yemweyo basi. Karuppiah anakana miyezi isanu ndi umodzi, kenako anagonja ndi mfundo imodzi: chingwe chachikasu cha ukwati, chimene mwamuna amamanga m'khosi mwa mkazi, chiperekedwe ndi manja a Mtsogoleri mwiniwake.

"Akachikhudza iye, zonse za banja lanu zayera," anatero. "Akapanda kubwera, mwana wanu apitirize kuphunzitsa masamu."

Ine ndi Pechimuthu tinakwera sitima ya ku Madras, ine nditanyamula nsalu yapaphewa ya ulusi wagolide yomwe ndinasoka kuti tikamuveke Mtsogoleri. Tinadikira pabwalo masiku awiri. Titalowa, nsalu yanga inakhala paphewa pake nthawi yokwanira kuyetsemula, wantchito n'kuiponya pa mulu wa zina. Mtsogoleri anali atakalamba ngati tonsefe, kupatula tsitsi lomwe linkaderabe chaka ndi chaka.

"Pechi, mphwanga," anatero. "Unenepa bwanji osamenyedwa?"

Pechimuthu anaseka mwaulemu, pang'ono chabe, n'kufotokoza za mwana wake.

"Ndibwera," anatero Mtsogoleri. "Koma nawenso undithandize. Mlamu wanga Rathinam akuima kwanuko, ndipo ndamva anthu akuti anagulitsa mchenga wonse wa mumtsinje. Anthu opanda chowaopsa amayamba kuganiza. Uimenso. Koma uime ngati Pechimuthu yemwe amamudziwa, osati wansembe amene wakhala ukusewerayu. Useke, uwaopseze. Akathawa iwe agwera m'manja mwa mlamu wanga. Ukagonja bwino, chingwe ndibweretsa ndekha."

Tinakwera sitima yobwerera, tinadutsa Tiruchi. Kenako Pechimuthu anandifunsa ngati ndingapeze nsalu yofiira yonyezimira.

Ndinamusokera malaya amene akanachititsa khungu ng'ombe. Anapota ndevu za pamlomo, anakwera pa ngolo pakati pa msika, n'kuyamba.

"Anthu a ku Melakkudi, mukandisankha ndidzaba. Ndidzaba mchenga womwe watsala. Ndidzaba simenti ya sukulu. Mababu a mumsewu ndidzazula ndekha, masana, inu mukuona. Mukabwera kudzadandaula ndidzakuuzani kuti mubwere mawa, ndipo mawa ndidzakhala nditapita ku Madras."

Anamaliza ndi kuseka kuja, kwathunthu, nkhunda za pakachisi n'kuuluka zonse. Mkulu wina wogulitsa anyezi anakanda mutu.

"Zaka makumi atatu ndikuvota," anatero, "uyu ndi woyamba kundiuziratu."

Mayi Angammal nawonso anali ndi nzeru zawo.

"Onse ndi akuba. Koma uyu akaba tidziwa nyumba yoti tikagende. Komanso akakalowa ku maofesi akuluakulu n'kuseka chonchi, ndani angamumane kanthu?"

Tsiku lililonse ankaonjeza zoipa, tsiku lililonse khamu linkakula. Analonjeza kugulitsa wotchi ya pansanja, anthu anawomba m'manja. Anabwera kwa ine thukuta lili kamukamu.

"Achimwene, ndinene chiyani kuti andide?"

"Yesani kulonjeza madzi. Kale zinkathandiza."

Koma zinali mochedwa. Anapambana ndi mavoti mazana asanu ndi limodzi. Anthu anamunyamula pamapewa, iye akuyang'ana pansi ngati mbuzi yopita kukaphedwa. Chinthu chimene anachipempha katatu mogwada tinamupatsa tsiku lokhalo limene sankachifuna. Ndi mmene timakondera anthu kuno.

Uthenga wochokera ku Madras sunachedwe. Atule pansi udindo, makhansala asankhe Rathinam, apo ayi Mtsogoleri watanganidwa chaka chonse. Karuppiah naye anatumiza mawu omwewo. Tsiku la ukwati linali litasankhidwa kale ndi woona nyenyezi, patsogolo milungu itatu.

Pechimuthu anakhala pa mpandowo masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Tsiku loyamba anapita kukaona injini yopopa madzi imene inafa zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Anangoima pakhomo la ofesi akupota ndevu. Akalaliki omwe ankadwala msana chaka chonse anachira nthawi yomweyo. Zinapezeka kuti injiniyo inkangofuna kachitsulo kamodzi kotalika ngati chala. Tsiku lachitatu mipopi inayamba kutsokomola, lachinayi madzi anatuluka. Amayi anavina mumsewu ndi zidebe, akuchenjezana kuti atunge msanga asanabwere kudzawaba.

Ndinali m'nyumba mwawo kuyesa bulawuzi ya ukwati pamene Poongodi anayankhula ndi bambo ake. Aka kanali koyamba kumumva akukweza mawu.

"Appa, musatule. Ukwati uthe ngati ukutha. Ine sindifa."

"Wathira khofi mabanja khumi ndi limodzi chifukwa cha nkhope yangayi."

"Ndithira ena khumi ndi limodzi. Mwaona mmene anthu akukupatsirani moni? Dzulo Mayi Angammal anakupatsani maluwa aulere."

"Ndaona, mwanawe. Ndinakondwa. Koma Velusamy umamufuna kapena ayi?"

Poongodi anayang'ana pansi. Bambo ake anatenga ambulera n'kutuluka. Kalata yake inati akutula pansi udindo chifukwa cha matenda, ndipo anthu anagwirizana kuti waba zokwanira.

Ukwati unachitikira mu holo ya chipani. Nthawi yabwino yomwe nyenyezi zinaloleza inali isanakwane naini koloko m'mawa. Mtsogoleri anafika cha m'ma thwelofu, ndipo wansembe atayang'ananso m'buku lake anapeza kuti nyenyezi nazonso zinali kudikira. Anakhudza chingwe, anachipereka kwa Velusamy, ng'oma zinalira, chingwe chinamangidwa. Pechimuthu anagona chafufumimba pamapazi a Mtsogoleri, monga amachitira aliyense wofuna kukhala ndi moyo wautali m'ndale. Mtsogoleri anamudzutsa ndi manja awiri. Apo wina kumbuyo anakuwa kuti atisonyeze kamodzi kokha, monga m'mafilimu aja. Holo yonse inatengera pomwepo.

Mtsogoleri anamwetulira, anayang'ana khamu, n'kumuwomba khofi.

Linamveka mpaka panja pomwe ankaphika. Pechimuthu anadzandira, anagwira mzati. Anayang'ana kumene kunakhala mwana wake, anaona apongozi ake atsopano akudikira kuti aone chimene achite. Ndiye anakweza mutu n'kuseka kuseka kuja, kuyambira m'mimba. Holo inagwedezeka ndi mluzu. Anthu mpaka lero amati sipanakhalepo ukwati wokoma chotero ku Melakkudi, ndipo mpunga wa pa masamba a nthochi unatsala wambiri.

M'mawa mwake anabwera pakhonde panga ndi malaya oduka batani. Tsaya linali litatupa.

"Achimwene, mukudziwa? Mafilimu onse aja dzanja lake silinandikhudzepo. Linkadutsa apa, chala chimodzi kuchokera pamphuno. Phokoso ankaikamo pambuyo pake. La dzulo ndi loyamba."

Ndinalumikiza batani.

"Koma mwana wakwatiwa," anatero. "Muziyankhula mbali iyi, khutu ilo silikumva."

Silinamvenso mpaka imfa yake. Anakhala zaka zina zinayi, akuthirira timitengo take pakhomo, Lamulungu n'kukwera basi kukaona chidzukulu. Anamwalira masana, atakhala pampando, nyuzipepala ili pamiyendo. Chipani chinamata mapepala achisoni m'makoma onse: nkhope ya Mtsogoleri yodzaza pepala, ikulira, ndipo pansi pakona kachithunzi ka malemu kakang'ono ngati sitampa. Amayi omwe ankamulavulira analira kwambiri pamaliro. Amati anali woipa, koma anali wathu.

Injini ya madzi inafanso chaka chomwe Rathinam analowa, ndipo kachitsulo kaja akuti akukaitanitsa kunja. Tikubedwa monga mwa kale, koma ndi anthu a nkhope zabwino, opereka moni ndi manja awiri, moti susowa chokwiyira koma umasowa womukwiyira. Msewu wathu unazizira. Ndimadzutsa mutu pa makina m'mawa kuyang'ana khomo lija, ndipo ndimamusowa. Izi ndikunena poyera.

Poongodi ali bwino. Velusamy anapezeka kuti ndi munthu, ana alipo atatu. Akabwera kudzasesa nyumba ya bambo ake amawoloka msewu, amanditcha malume, amafunsa za mawondo anga. Koma chiyambire tsiku la ukwati wake sanandipatsepo nsalu ngakhale yoti ndipinde m'mphepete. Amakasoketsa ku Madurai, ulendo wa maola awiri. Sindinamufunse chifukwa. Tsiku lija ndinakhala kutsogolo penipeni, pamalo a malume, ndipo khofi litalira Poongodi anatembenuka kufuna munthu mmodzi woti amuyang'ane. Anandipeza ndikuwomba m'manja.