Kachitsulo ka Pazenera

Nkhani iyi mkazi wanga anandiletsa kuikamba pagulu, koma manyazi ake ndatopa kuwasenza ndekha.

Malume anga atamwalira ku Ngabu anandisiyira kagalimoto kakalekale, kaja kozungulira ngati chikumbu, ka injini kumbuyo. Kanakhala pansi pa msawu zaka zambiri, nkhuku zikuikiramo mazira.

Tsiku lina bambo wina wa ku Blantyre, wosonkhanitsa magalimoto akale, anaona chithunzi chake pa foni ya mlamu wanga. Anandiimbira nthawi yomweyo.

"Zenera lakumbuyo ndi logawika pawiri?"

"Eee bwana, pali kachitsulo pakati."

"Mayo ine! Ndikubwera Loweruka!"

Ine "mayo" ameneyo ndinamumva ngati dandaulo. Ndinati basi, mtengo wagwa.

Ndinathamangira kwa Alufandika, wowotcherera zitsulo pamsika.

"Achimwene, kasitomala wadana ndi kachitsulo aka. Tikapange modern."

"Pyadidi!" anavomera m'Chisena chake, galainda yodulira zitsulo ili kale m'manja.

Anakadula, n'kukuza bowo, n'kuikapo galasi la minibasi yakufa. Ine ndinamaliza ndi penti yotsala ya pakhonde, yachikasu. Kagalimoto kanawala ngati papaya wakupsa!

Loweruka bambo uja anafika ndi lole yonyamulira, thukuta lili kamukamu. Anakazungulira akumwetulira. Atafika kumbuyo anaima. Kenako anakhala pansi, padothi lotentha lija, ndi thalauza yake yoyera.

"Zenera lija lili kuti?"

"Surprise, bwana! Takukonzerani. Musawonjezere kanthu, ndi ulemu chabe."

Anavula magalasi n'kundifotokozera pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa mbuzi. Timagalimoto ta mazenera awiri ndi toyambirira, topangidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha. Kenako opanga anachotsa kachitsuloko n'kusiya zenera limodzi longa dzira, pambuyo pake lalikulu. Ta zenera lalikulu tili mbwee. Tosowa, tomwe anthu amalimbirana mpaka kunja, ndi ta kachitsulo.

"Ndatsika mapiri onse aja chifukwa cha kachitsulo kameneko! Kali kuti? Mwina tingakabwezeretse."

Tonse tinatembenukira kwa Alufandika, yemwe anabwera kudzaonerera. Iye anakanda mutu.

"Kachitsulo kolimba katere kutaya? Ndapangira chogwirira mbaula. Mayi wa zitumbuwa wagula dzulo."

Masiku ano chakale chilichonse sindichikhudza. Ngakhale imvi ndasiya kuzidaya, mwina wogula ali m'njira.