Chithunzi cha Timu ya Mabogi

Lolemba

Ba Phiri akubwerera kwawo ku Katete Lolemba likudzali. Ntchito ya njanji anapuma, maondo atha, ana ati akakhale kumudzi. Ndamva lero pamsika, ndipo tsiku lonse mtima uli pa Mabogi.

Mabogi inali timu yathu ya mpira kuno ku Kafue. Ana a anthu a njanji ndi a m'mafakitale, opanda nsapato, ovulira m'bogi yakale ya sitima imene inatayidwa kuseri kwa siteshoni. Dzina linachokera pamenepo. Ba Phiri anali golikipa, analinso kochi poti ndiwo anali aakulu. Timu inabadwa mvula itangotha, inafa mvula ina isanagwe. Chithunzi tilibe ngakhale chimodzi.

Ndiye Lamlungu masana, tonse pabwalo lakale, tijambulitse Ba Phiri asanapite. Zofunika:
- anthu khumi ndi mmodzi
- bwalo
- majezi
- mpira uja

Sabata yonse ilipo. N'zotheka!

Lachiwiri

Kusaka anthu. Atatu ali kumanda. Mmodzi anapita kumigodi, palibe akudziwa kuti ali tawuni iti. Awiri amagwira ntchito ku Lusaka, onse ati "tizaona." Banda, amene ankathamanga mpaka fumbi kutsala m'mbuyo, wanditsegulira chitseko ali pa ndodo.

Aliyense amene ndamupeza akukumbukira bwinobwino kuti ndiye anagoletsa chigoli cha masewera athu omaliza. Zodabwitsa, chifukwa ndinagoletsa ndine.

Lachitatu

Bwalo kulibe! Mbali ina nyumba, mbali ina tenti yaikulu ya tchalitchi. Pamene pankaima Ba Phiri pali guwa ndi masipika.

Abusa ake ndi wachinyamata waulemu, nsapato zosongoka. "Ba dadi, pa Sondo tili na masevisi tsiku lonse. Koma bwerani chabe, tizapempherera maondo."

Ndaima pampanda kanthawi. Sitima ya katundu yalira, kulira kwake komwe kuja. Kale ikalira tinkasiya mpira n'kuyamba kubayibitsa madalaivala, ena mwa iwo atate athu. Lero ndapeza dzanja lakwera lokha.

Tidzajambulitsa kunja kwa mpanda. Dothi ndi lomwelo.

Lachinayi

Majezi athu anali matumba a feteleza. Amayi a Ba Phiri ankaboola pamutu ndi m'manja, nambala tinkalemba ndi makala. Ankayabwa kwambiri, ndipo tinkanyada nawo kwambiri.

Ndafunsa mkazi wanga za langa. "Lija? Linafolera khola la nkhuku mwana wathu Chisomo asanabadwe."

Ndagula matumba atsopano pamsika. Ndayesa limodzi. Mutu walowa, manja alowa, pamimba lakana kutsika, lakananso kukwera. Mkazi wanga wanditulutsa ndi sizasi, akuseka mpaka misozi. "Bashi Chisomo, thumba lija silinachepe. Ndimwe."

Majezi tiwagwira m'manja.

Lachisanu

Mpira. Apa ndiye pali nkhani yonse.

Mwana aliyense wa mu Kafue ankadziwa lamulo: mwini mpira sachotsedwa m'bwalo. Kaya sadziwa kumenya, kaya wagoletsa kwawo, amasewera mpaka mapeto. Wathu anali wa Ba Lungu, mwana wa kalaliki wa paboma. Mpira wachikopa weniweni, ndipo mwini wake wosadziwa kanthu.

Tsiku lomaliza lija tikusewera ndi anyamata a ku fakitale ya nsalu, tikutsogola ndi chigoli chimodzi. Ba Phiri, pofunitsitsa kupambana, anaiwala lamulo. Anachotsa Ba Lungu. Iwo sanakangane. Anatola mpira wawo, kuuika m'khwapa, n'kulondola njanji mpaka kwawo. Matimu awiri tinatsala chiimire. Mabogi inathera pomwepo.

Ba Lungu ndawapeza kwawo, m'dera la Estates, akuthirira repu. Sanasiye kuthirira. "Bola ilipo. Koma Phiri abwere anipemphe eka."

Zaka zonsezi! Awiriwa amakumana pamaliro, amakhala benchi imodzi, moni amapatsana kudzera mwa ine.

Loweruka

Kwa Ba Phiri. Makatoni paliponse, bedi laphwasulidwa kale.

"Ine kupempha Lungu? Munthu anali kuthawa bola monga ni njoka!"

Amanga katoni ina, amasula, amanganso. Kenako, osandiyang'ana: "Ikali na chigamba chija?" Anachisoka okha ndi ulusi wa nsapato, mpira utang'ambika pa waya. Sindikudziwa. Sindinauone.

A ku Lusaka atumiza uthenga: sabwera. Banda ali ndi maliro a mlamu wake. Ena sakuyankha foni. Mmene zilili:
- anthu: atatu, awiri sayankhulana
- bwalo: tchalitchi
- majezi: zidutswa
- mpira: uli m'ndende

Mwina timu imene inakhala miyezi yochepa chabe siyenera chithunzi. Koma miyezi imeneyo ndiyo ndimaikumbukira yonse, tsiku ndi tsiku, pamene zaka zambiri za kuntchito zinangodutsa.

Lamlungu

Pampanda, ine ndi Ba Phiri. M'tenti akuimba, masipika akugwedeza nthaka. Dzuwa. Palibe akubwera. Ba Phiri akuti tizipita, ali ndi katundu woti amange.

Kenako munthu m'mbali mwa njanji, pepala lapulasitiki m'khwapa. Mayendedwe omwe aja, koma ulendo uno akubwera kuno.

Moni palibe. Ba Lungu atulutsa mpira. Waphwa, wauma ngati dzungu lakale. Chigamba chilipo. Ba Phiri achisisita ndi chala nthawi yaitali.

"Manje Phiri, nilowe olo nikali panja?"

"Lowa. Mwine wa bola sachoka."

Basi, kupepesa kwa Ba Phiri n'komweko.

Ndapempha mayi wogulitsa zitumbuwa kuti atijambule ndi foni yanga. Atijambula kamodzi, makasitomala akuwadikira. Ba Lungu apereka mpira kwa Ba Phiri. "Pita nayo. Ine nasunga mokwana."

Chithunzi ndachiona nditafika kunyumba. Mitu yonse yadulidwa. Mimba zitatu, manja asanu ndi limodzi, mpira wophwa pakati. Mbiri ya Mabogi ndi imeneyo, ndipo ina sidzajambulidwanso. Mawa mpira ukukwera basi ya ku Katete.

Chithunzicho sindichifufuta. Masewera aja palibe anawaimbira wezulo yomaliza, ndiye kuti mpaka lero tikutsogola ndi chimodzi.

Chigoli changa chija.