Ngalawa za a Kaputeni

Mumsewu wathu ngakhale khanda linkadziwa lamulo limodzi: pepala lofunika salisiya pafupi ndi a Kaputeni. Mayi ameneyu anakalambira pa ntchito yodula mapepala kosindikizira mabuku, ndipo atapuma, zala zawo sizinaumve uthengawo. Kaya ndi tikiti ya basi, kaya kalendala, kaya chikalata cha kuchipatala, chikangogwera m'manja mwawo, pinde pinde, ngalawa! Chonsecho eni akewo madzi ankawaopa kuposa mphaka. Chithaphwi cha mvula ankachilambalala ngati muli ng'ona.

Mwana wamkazi wa ometa tsitsi anawadziwa ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, tsiku limene anathamangira kukawaonetsa lipoti lake la kusukulu. Asanamalize kupuma, lipoti lija linali ndi thanga.

"Ukuliranji, mwanawe?" anatero a Kaputeni. "Nambala wani wako wakwera sitima. Anzako akuyenda pansi."

Mwana uja anakula, nakhala namwino, natomeredwa ndi mnyamata wogwira ntchito pa sitima yapamadzi. Anzake pokonza phwando la amayi lotsanzikana naye, anagwirizana kuti zokongoletsa zonse zikhale za panyanja. Ntchito anaipereka kwa a Kaputeni, nanga kwa yaninso? Masiku atatu anadzitsekera m'chipinda cha namwinoyo ndi sizasi, ulusi ndi guluu. Anadula anangula, nsomba za maso otong'oka, mafunde otalika kuyambira pakhomo mpaka pawindo. Tsiku lachitatu mapepala abuluu anatha. A Kaputeni sanafunse munthu. Anangotsegula dilowa.

Phwando litafika pakati, namwino anakweza maso kudenga kuti asirire ngalawa zolendewera pa ulusi, naona zilembo zopendama zimene ankazidziwa bwino. Makalata onse a bwenzi lake, a zaka ziwiri zathunthu, anali kuyandama pamwamba pa mitu ya alendo! Ndipo pansi pake penipeni panakhala apongozi ake, mayi wa mkwati, mayi wa mawu ngati bingu, amene mwana wawo anawalemba m'kalata ina kuti: amayi anga ndi namondwe, ukawaona akubwera tsitsa thanga, uzingoti eya.

"Agogo, mwandipha!" ananong'ona namwino.

"Pepala labuluu ndi labuluu," anayankha a Kaputeni, uku akutafuna keke.

"Muli za apongozi m'menemo!"

"Ndikudziwa. Yachitatu kuchokera kuwindo."

Nthawi yomweyo apongozi anatambasula dzanja, nathothola yachitatu kuchokera kuwindo.

"Kodi izi si zilembo za mwana wanga izi? Tandipatsani magalasi."

Pakati pa chipindapo panali beseni lalikulu la madzi, limene atsikana anaikapo kuti liimire nyanja, ndipo a Kaputeni anakhala akulizungulira chitalitali kuyambira m'mawa. Koma apa anadzambatuka ngati mtsikana, tsompho ngalawa ija m'manja mwa apongozi.

"Amayi, ngalawa saifunyulula. Amaiyesa pamadzi. Ikayandama, banja lilimba."

"Mwambo wakuti umenewo?"

"Wa ife a panyanja."

Anatseka maso, naviika manja onse mpaka m'zigongono. Ngalawa inabwera pamwamba itanyowa, inki ikusungunuka ngati utsi. "Yayandama!" anafuula a Kaputeni, ndipo nthungululu zinang'amba denga. Amayi onse anakwera pamipando kuthothola zawo, mpaka apongozi omwe anayandamitsa zinayi. Pomwe alendo ankabalalika, madzi a m'beseni anali bii, ndipo mawu onse okoma a zaka ziwiri anakathiridwa ku maluwa. Namwino sanadziwe kuti athokoze kapena alire. Anachita zonse ziwiri, kenako anatha mwezi osawapatsa moni.

Masiku ano, a Kaputeni atatisiya, mapepala mumsewu wathu amangogona chafufumimba. Munthu umasiya kalata patebulo, n'kuipeza ili kalata yomweyo, ndipo mtima umachita ngati wina wakunyalanyaza. Mvula ino ana amadumpha zithaphwi zopanda kanthu.

Chaka chawo chomaliza, zala zitayamba kunjenjemera, a Kaputeni anaitanitsa namwino, amene tsopano anali mayi wa ana atatu. Anamuuza kuti atsitse chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati. M'katimo munali ngalawa imodzi yabuluu, yofwifwa m'mphepete.

"Funyulula."

"Paja munati ngalawa saifunyulula."

"Ndinanama. Funyulula."

Inali kalata imene mnyamata uja anamufunsiramo ukwati.

"Iyi sindinaipachike," anatero a Kaputeni. "Zinazo ndinawerenga zonse, zinali zabodzabodza za anyamata. Koma iyi analemba bwino."

Namwino anaiwerenga kawiri, napukuta maso, naiika pabedi kuti afune mpango. Potembenuka anapeza zala zonjenjemera zija zayamba kale kupinda ngodya yoyamba.