Khadi Laukhondo Kuposa Onse mu Dubai

Lolemba
Khadi la chakudya lafika! La boma, la ife amene fakitale yatikhazika pansi chifukwa cha korona. Ndi limodzi la chipinda chonse: anthu anayi, mpunga wotsala wa masiku atatu. Ndikusunga ine, poti wa dipuloma ya zaukhondo muno ndine ndekha. Ladutsa m'manja angati? Sindikudziwa. Ndiye:
– sanitaiza, mbali zonse
– madzi owira, mphindi khumi
– padzuwa, pawindo, mpaka madzulo.
Lapindika pang'ono. Koma ndi loyera.

Lachiwiri
Chilolezo chotulukira chabwera pafoni. Masiki, magolovesi, mndandanda. Mzere wa pagolosale wafika poimika magalimoto. Ndadzaza basiketi: mpunga, mphodza, mafuta, mazira. Polipira, makina a khadi akungoti tiii, akukana. Katatu! Kashiya: "Khalas, bhai! Basi, achimwene, anthu akudikira." Ndikubweza zonse pashelefu. Mayi wa kumbuyo kwanga ali ndi khadi ngati lomweli, lodetsedwa ndi zala, koma lake likudutsa. Makina atsankho!

Lachitatu
Lero kutuluka ayi, chilolezo china mpaka Lachisanu. Ndikufuna kuimba nambala ya kuseri kwa khadi. Manambala awiri afufutika. Inki yanji yoopa sanitaiza pa nthawi ya mliri? Ndikuyesa mongoganizira. Ndapeza galaja, kenako mayi wina wokwiya kuposa ine.

Lachinayi
Mpunga watha. A Tembo, mnzathu wa ku Chipata, akulitembenuzatembenuza khadi: "Imwe a bosi, ili mwaliphika monga kandolo?" Kandolo ndiye mbatata kwawoko. Munthu wogwira mabatani a m'lifiti ndi chala chosavala asandiphunzitse ine. Ndikulemba kalata yodandaula za makina. Masamba atatu, mitu ndi timitu.

Lachisanu
Golosale ina, makina ena. Tiii! Kashiya wa kuno wandipatsa nambala yolondola. Mtsikana wa pafoni, mwaulemu: "Bwana, kodi khadilo linakhudzana ndi madzi kapena moto?" Funso lachipongwe! Ndikuti, "Pang'ono." Akuti latsopano mawa, inshallah.
Chakudya lero: tiyi ndi mabisiketi. Palibe akundilankhula.

Loweruka
Wa njinga yamoto wobweretsa khadi latsopano akugogoda. Ine ndikuyatsa ketulo. Ya tiyi, ndikulumbira! A Tembo afika kale pakhomo, alanda envelopu, aing'amba ndi mano, khadi aliika m'sokosi. M'SOKOSI! Atuluka ndi chilolezo chawo. Ndikukhala pabedi kudikira kuti abwere chimanjamanja, aone mmene zimawawira.
Abwera ndi majumbo anayi.

Lamulungu
Ndadya. Kawiri.
Pachitseko cha firiji amatapo lamulo: ine khadi ndisaliyandikire. Andilola kutsuka zitini zokha. Kalata yodandaula ija ndayanikapo zitinizo kuti ziume.
Khadi lakale ndikupalira mphika wa mpunga. Likugwira ntchito bwino, ndipo ndi loyera.